Usiku Umene Adzukulu Anga Sanayankhe Kuti "Tilitonse"



Aphunzitsi aakulu atandipempha kuti ndilembeko kanthu m'nyuzipepala ya sukulu yathuyi, ndinayamba ndakana. Ndinati ine choko ndinasiya kalekale, ndipo maso anga masiku ano amafuna mandala ngakhale powerenga mtengo wa shuga. Koma nditagona nazo, ndinaona kuti pali nkhani imodzi imene ndiyenera kuulula, chifukwa mwina manyazi amene ndinachita ine angapulumutse gogo wina.

Zinachitika m'mwezi wa June, zaka ziwiri zapitazo. Mwera unkawomba, magetsi anali atathima, ndipo mafoni onse a m'nyumba anali atatha moto. Adzukulu anga anayi anakhala pakhonde atafunda zitenje, akusowa chochita. Mumtima ndinati lero ndawapeza. Ndinakhosomola pang'ono, n'kutchula mawu amene mwana aliyense wa m'nthawi yanga ankawadziwa ngati dzina lake: "Padangokhala..."

Kunangoti zii.

Ndinabwereza. Wamng'ono kwambiri, amene anali Sitandade 3, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Padakhala ndani, agogo?" Mtsikana wamkulu, amene nthawi imeneyo anali Fomu 1 pa sukulu yathu ino, anakumbukira mochedwa. "Paja timayankha kuti tilitonse, eti? Tinaphunzira m'kalasi." Kwa iye, "tilitonse" linali yankho la pa mayeso.

Ndinalimba mtima n'kupitiriza. Nthano yake inali imene mayi anga ankakonda kutisimbira, ya mtsikana amene ng'ona inamutenga padoko n'kukamusunga kuphanga la pansi pa madzi. Pakati pa nthanoyo pali nyimbo ya m'Chiyao, imene mtsikanayo amaimba poitana mlongo wake ali pagombe. Nditafika pamenepo ndinatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke. Kamvekedwe ka nyimboyo kanali m'khutu langa bwinobwino, koma mawu ake anali atapita. Ndinang'ung'udza chabe, ana n'kuyamba kuseka. Posakhalitsa magetsi anayaka, onse n'kuthamangira kukatchaja mafoni. Ine ndinatsala pakhonde ndekha.

Kwa zaka zambiri ndinali m'gulu la anthu okonda kunena kuti ana a masiku ano asokonezeka. Ndinkadzudzula mafoni, mavidiyo ndi mpira wa ku England. Usiku umenewo ndinakakamizika kuwerengera bwino mlandu. Mayi anga, amene sanapite kusukulu, ankatisimbira nthano pafupifupi usiku uliwonse tikatha kukolola. Ine ndinaphunzitsa Chichewa kwa zaka zoposa 30 m'masukulu a pulayimale a m'boma lino, koma ana anga ndinawasimbira nthano zowerengeka, chifukwa madzulo ndinkakhala ndikuchonga makope a ana a eni. Ana angawo sanasimbire ana awo ngakhale imodzi: awiri ali ku Joni, ndipo chimene amatumiza ndi ndalama ndi zithunzi. Chingwe sichinadukire m'manja mwa adzukulu. Chinadukira m'manja mwanga.

M'mawa mwake ndinagula kope la masamba ambiri ndi mabolopeni awiri. Ndinati popeza pakamwa payamba kuiwala, dzanja lisunge. Koma sindinafune kungokopera nthano zakale. Ndinafuna kulemba nkhani yatsopano ya ana, yoti iwongole adzukulu anga. Ndinalemba kwa masabata atatu, ndikatha swala ya m'bandakucha. Inali nkhani ya anyamata awiri, wina womvera makolo, wina wosamvera. Womverayo anakhoza mayeso n'kukhala dokotala. Wosamverayo anathera kundende. Ndinaikamo miyambi 12, ndipo kumapeto ndinalemba ndime ya mutu wakuti phunziro la nkhaniyi.

Ndinapatsa mdzukulu wanga wamkulu uja kuti awerenge. Anabweza kope patapita masiku awiri, atagwada mwaulemu monga mwa mwambo wathu. Nditamufunsa maganizo ake, anati, "Ili bwino, agogo." Ndaphunzitsa ana nthawi yaitali moti "ili bwino" wabodza ndimamudziwa. Ndinamuuza kuti anene zoona, sindikwiya. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Agogo, iyi si nthano. Ili ngati asembule."

Ndinalonjeza kuti sindikwiya, koma ndinakwiya. Masiku atatu sindinakhudze kopelo. Tsiku lachinayi ndinamuitananso n'kumupempha kuti andimasulire. Ananena zinthu zitatu zimene sindidzaiwala. Choyamba, anati anadziwa mathero a nkhaniyo asanamalize tsamba loyamba. Chachiwiri, anati anyamata a m'nkhaniyo amayankhula ngati madala a zaka 70, ndipo palibe mwana amene amauza mnzake mwambi ali pa bwalo la mpira. Chachitatu, chimene chinandibaya kwambiri, anati iye anakonda mnyamata wosamvera uja chifukwa ndi yekhayo amene ankaoneka wamoyo. Anandifunsanso kuti, "Nanga inuyo muli mwana simunalakwepo?"

Funso limenelo linandibweza kumabuku amene anatilera ife. Ndinatsegula bokosi langa lachitsulo n'kutulutsa otsala amene chiswe chinawasiya. Munali Nthondo la a Samuel Josia Ntara, amene anali mphunzitsi ngati ine, buku limene linatuluka mu 1933. Munali Kukula ndi Mwambo ndi Sikusinja ndi Gwenembe a a J.W. Gwengwe, komanso Kokha Mcheperawakalulu la a E.J. Chadza. Nditawerenganso ndi maso a ukalamba, ndinaona chimene ndinaphonya. Mabukuwa ali ndi malangizo, inde, koma chimene chinatigwira tili ana si malangizowo. Nthondo tinamukonda chifukwa anali wovuta, wolakwalakwa, ndipo tinkafuna kudziwa kuti athera kuti. Za Sikusinja, chimene chinakhala m'mitima yathu ndi mbalame ija yokana kusunga chinsinsi cha magazi. Tinkachita mantha, ndipo manthawo ndi amene ananyamula phunziro n'kulifikitsa mumtima. Ine ndinatenga mankhwala n'kutaya uchi wake.

Ndinakumbukiranso malemu a Steve Chimombo, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College ku Zomba ndipo anatisiya mu 2015. Munthu wophunzira chotero, wolemba ndakatulo zozama za Napolo, sanaone ngati n'kudzichepetsa kulembera ana. Mu 2002, ali ndi zaka zoposa 50, anatulutsa The Bird Boy's Song, m'mene anatenga nthano yakale ya kwathu ya mwana wamasiye ndi kapolo wolanda malo a mbuye wake n'kuiveka zovala zatsopano. Nawonso a Jack Mapanje, mwana wa kwathu konkuno wobadwira m'mudzi wa Kadango mu 1944, asanamangidwe ku Mikuyu anagwira ntchito ndi a Landeg White yosonkhanitsa ndakatulo zapakamwa za mu Africa, ndipo buku lawo linatuluka mu 1983. Anthu amenewa anazindikira kuti zimene agogo amanena pamoto si zinthu zotsalira.

Koma amene anandilimbitsa mtima koposa ndi mayi wina wa ku America, Laura Ingalls Wilder. Iye anali mkazi wa mlimi, ndipo buku lake loyamba la ana linatuluka mu 1932 ali ndi zaka 65. Poyamba analemba mbiri ya moyo wake molunjika kwa akuluakulu, osindikiza mabuku n'kuikana. Mwana wake wamkazi, Rose Wilder Lane, amene ankadziwa za kalembedwe ndi zimene owerenga amafuna, ndi amene anamuthandiza kuisandutsa nkhani ya ana. Mayi ankalemba ndi pensulo m'makope, mwana ankataipa ndi kukonza, ndipo nthawi zina ankakangana. Mabuku amene anatuluka m'mikanganoyo akuwerengedwabe mpaka lero. Apo ndinati, kani wokalamba amakhala ndi nkhani, koma njira yopita kwa ana amaidziwa ndi wamng'ono.

Ndiye ndinabwerera kwa mdzukulu wanga, osati ngati mphunzitsi koma ngati wopempha. Ndinamuuza kuti tilembe awiri. Anavomera atandiikira lamulo limodzi, lakuti akafufuta chinthu ndisadandaule kupitirira tsiku limodzi.

Funso lake lija, loti kodi ndili mwana sindinalakwepo, ndi limene linatipatsa nkhani. Ndili ndi zaka 11 ndinazemba kunyumba usiku n'kukabisala pansi pa makoka m'bwato la amalume anga, chifukwa ndinkafunitsitsa kuona mmene usipa umakhamukira ku nyali. Anandipeza tili kale pakati pa nyanja, ndipo usiku womwewo mwera unakula. Nkhani imeneyi ndinali ndisanauzepo mwana aliyense, poopa kuti ingawaphunzitse kusamvera. Mdzukulu wanga atangoimva anati, "Imeneyotu ndiye nkhani, agogo."

Tinagawana ntchito mosakonzekera. Ine ndinabweretsa zimene iye sakanazidziwa: kusiyana kwa mwera wa nthawi yozizira ndi mpoto wa nthawi ya dzinja, mmene nyanja imasinthira nkhope mphepo isanafike, ntchito ya siginala amene amakhala yekha ndi nyali kukopa nsomba pamene anzake akuzunguliza chilimira, fungo la usipa pathandala m'mawa, ndi kulemera kwa nkhafi m'manja mwa mwana. Iye anabweretsa zimene ine sindikanazidziwa. Anandiuza kuti asodzi ambiri lero asiya nyali za palafini, akugwiritsa ntchito mababu a batire. Anandiuza mawu amene anyamata amaitanirana, ndi mmene amanyozerana mwachikondi. Anati mnyamata wa lero akazemba usiku, choyamba chimene mayi ake angachite ndi kuimbira foni amalumewo, choncho tiyenera kufotokoza chifukwa chake foniyo sinapezeke. Tinakangana madzulo athunthu pa nkhani ya netiweki ya pakati pa nyanja. Ndinazindikira tili mkati mokangana kuti chibadwire chake ndinali ndisanacheze naye nthawi yaitali chotero.

Kenako tinapeza oweruza. Loweruka lililonse ikatha swala ya Asr, tinkasonkhanitsa ana aang'ono a nyumba zoyandikana pansi pa mtengo wa mango, mdzukulu wanga n'kumawerenga, ine ndili pambali ndi pensulo. Mwana akayamba kujambula pansi ndi kamtengo, kapena kuyang'ana nkhuku, ndinkaika chizindikiro pa ndime imeneyo. Pafupifupi zizindikiro zonse zinagwera pamene ndinasiya nkhani n'kuyamba kulangiza. Pamene mafunde anayamba kulowa m'bwato, mnyamata akukapa madzi ndi chigubu chodula uku akulira, palibe anagwedezeka. Mwana sanama pa nkhani yotopetsa. Wamkulu amapirira chifukwa cha ulemu, koma mwana amangonyamuka.

Nkhondo yomaliza inali ya ndime ya phunziro la nkhaniyi. Ndinailembanso, iye n'kuifufuta. Ndinati nanga ana adziwa bwanji kuti kusamvera n'koipa? Iye anati tiyese kaye popanda ndimeyo. Nkhani inathera pamene bwato likufika padoko m'bandakucha, mnyamata n'kuona mayi ake ataima m'madzi ofika m'mawondo, chitenje chili chonyowa. Atatseka kope, ana anakhala chete kanthawi. Kenako wamng'ono uja, yemwe anandifunsa kuti padakhala ndani, anati, "Ndiye kuti amayi ake sanagone usiku wonse?" Ine ndinkafuna aphunzire kuopa chilango. Iye anaphunzira kuganizira mtima wa mayi. Phunziro lake linaposa langa, ndipo analipeza yekha.

Panatsala nyimbo ija. Munthu yekhayo amene akanaikumbukira anali mlongo wanga wamkulu, amene ankakhala kufupi ndi Malindi. Ndinazengereza miyezi ingapo, ndikumati ndipita ikatha Ramadhan, ndipita mitengo ya minibasi ikatsika. Mdzukulu wanga ndi amene anandikakamiza pa tchuthi. Tinawoloka mlatho wa pa Shire m'mawa, n'kukawapeza atakhala pamkeka, maso atachita khungu, thupi litatha. Nditatchula nthano ya mtsikana ndi ng'ona, anaseka n'kunditchula dzina langa laubwana. Anati, "Iwe unkagona nthano isanathe, ungaikumbuke bwanji?" Kenako anaimba. Mawu anali onjenjemera, koma sanaphonye ngakhale limodzi. Ine ndinali kalikiliki kufunafuna bolopeni m'thumba. Mdzukulu wanga anali atayatsa kale foni, yomwe ija ndinkaitukwana, ndipo anajambula zonse. Tsiku limenelo anatisimbira nthano zisanu ndi imodzi, ziwiri mwa izo zoti ine sindinazimvepo.

Mlongo wangayo anatisiya mvula yotsatira itangoyamba. Allah awakhululukire ndi kuwachitira chifundo. Ndikanadikira kuti minibasi zitsike mtengo, nyimbo ya mayi athu ikanalowa nawo m'manda. Lero ili m'kope, yolembedwa m'Chiyao monga anaimbira, ndipo mawu awo tinawatumiza pa WhatsApp kwa mwana wanga ku Johannesburg. Anandiuza kuti ana ake, amene Chiyao amangochimva patalipatali, amapempha kuti awaikire nyimbo ya anganga asanagone.

Tsopano ndilankhule ndi makolo anzanga ndi akuluakulu. Ife a m'mbali mwa nyanja ino si alendo pa zolemba. Makolo athu ankalemba ndi kuwerenga zilembo za Chiarabu m'madrasa kalekale. Mbiri ya Ayao inalembedwa m'chinenero chathu ndi Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican, m'buku la Chiikala cha Wayao limene linatuluka mu 1919, ndipo zambiri zimene akuluakulu a nthawi imeneyo anamuuza tikuzidziwa lero chifukwa iye anagwira cholembera. Bungwe la National Library Service nalonso, mothandizana ndi a UNESCO, layenda m'maboma kujambula nthano kwa okalamba. Koma bungwe silingafike pakhonde lililonse, ndipo silidziwa kuti m'nyumba mwanu muli gogo wodziwa nyimbo imene wina aliyense anaiwala.

Ndipo pali kusowa kwina kumene ndinakuona pogwira ntchitoyi. M'mabuku onse a nkhani amene ndinaphunzitsa, sindikumbukira kuti ndinakumanamo kangati ndi mwana wodzutsidwa usiku kuti adye daku, kapena mtsikana wothamanga kuchoka kusukulu kuti asachedwe ku madrasa, kapena mnyamata wodikira bambo ake amene analonjeza kuti abwera pa Idi kuchokera ku Joni. Mwana akamawerenga zaka ndi zaka osadzipeza m'buku, amayamba kuganiza kuti moyo wa kwawo si woyenera kulembedwa. Chonsecho nkhani zili paliponse. Ana athu amadutsa tsiku ndi tsiku pa nsanja ya wotchi pa boma paja. Pafupi pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu August 1914 inawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu yomweyi. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ndi angati mwa ana athu amene anamvapo nkhani zimenezi zikusimbidwa mokoma, mwa njira yoti mwana n'kuiwala kuyang'ana nkhuku?

Musanene kuti ndinu okalamba. Ukalambawo ndiye chuma chake. Musanenenso kuti simudziwa kulemba: mlongo wanga sanalembepo chilembo, koma m'kope langa nthano zokoma kwambiri ndi zake. Chimene ndikukuchenjezani n'chimodzi chokha, chimene ine chinandipweteka ndisanachimvetse. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma kuti agonere ayenera ayambe alowa m'khutu, ndipo khutu la mwana silitsegukira munthu wobwera ndi chikwapu. Simbani za tsiku limene munachita mantha, limene munanama, limene munalakwitsa. Adzukulu athu amatidziwa ngati anthu osalakwa, ndipo n'chifukwa chake amationa ngati anthu a dziko lina.

Kwa inu ana anga ophunzira, pempho langa ndi ili. Pa tchuthi chikubwerachi, sankhani gogo mmodzi, wa m'nyumba mwanu kapena woyandikana naye. Mupatseni moni mwaulemu, khalani pansi, ndipo mufunseni funso limene mdzukulu wanga anandifunsa ine. Pemphani chilolezo musanajambule mawu ake. Lembani monga wanenera, m'Chiyao kapena m'Chichewa, osakonza chinenero chake kuti chifanane ndi cha m'buku. Mukatero, lembani nkhani yanu yochokera pamenepo, mukamuwerengere, ndipo mumulole akukonzeni pa za mphepo ndi nsomba monga inunso mudzamukonza pa za mafoni. Simutaya nthawi ya mayeso: amene waphunzira kumvetsera nkhani ndi kuona pamene yakoma savutika ndi chimangirizo.

Ku komiti ndi kwa aphunzitsi aakulu, ndikupempha zinthu zazing'ono: kalasi imodzi Loweruka limodzi pa mwezi, makope ochepa, ndi shelefu imodzi mu laibulale yosungirapo zimene ana ndi agogo awo alemba. Ine ndidzakhala woyamba kufika, ngati Allah alola, ndipo ndidzabwera ndi kope langa kuti mulione ndi zofufuta zake zonse.

Sabata yatha magetsi anathimanso. Sindinayambe ndine. Wamng'ono uja, amene tsopano ali Sitandade 5, anakhosomola monga ndimachitira ine, n'kunena kuti, "Padangokhala..." Nthano yake inali ya fisi amene anaba foni ya kalulu, ndipo inalibe mutu weniweni. Komabe ndinayankha mokweza kuposa onse.



Kholo, mphunzitsi wopuma pa ntchito